Lamba wa Makina a BP Akwanire Mkono

M'mabanja mwathu kuno ku Ntcheu mwayamba kulowa makina oyezera BP. Ena timagula m'masitolo a mankhwala, ena ana athu amatitumizira kuchokera ku Joni. Tikatsegula katoni, maso amathamangira pa kagalasi ka manambala, koma amene amagwira ntchito yaikulu ndi lamba wansalu wokulunga pamkono uja. Lambayo akapanda kukwanira mkono, manambala amanama.

Mkati mwa lamba muli kathumba kamphira, kangati chubu cha njinga. Makina akapopa mpweya, kathumbako kamafufuma n'kupana mtsempha waukulu wa pamkono mpaka magazi aime kaye. Mpweya ukamatuluka pang'onopang'ono, magazi amayambanso kudutsa, ndipo makina amamva kugunda kwake n'kuwerengera.

Dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, ndiye anatulukira lamba wopopayu mu 1896. Wake anali wowonda, wa masentimita 5 m'lifupi, ndipo ankakweza manambala. Mu 1901 Heinrich von Recklinghausen wa ku Germany anamukulitsa kufika pafupifupi masentimita 12. Zomata zimene zimagwira lambayo, zotchedwa Velcro, zinabwera pambuyo pake. George de Mestral wa ku Switzerland anazilingalira ataona mmene njere za kutchire zinkakakamirira zovala zake ndi ubweya wa galu wake, monga chimachitira chisoso tikamachokera kumunda.

Mikono siifanana

Lamulo lake ndi lakuti kathumba ka mkati kazungulire pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a mkono. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amafuna mpweya wambiri kuti apane mtsempha, choncho amaonetsa BP yokwera. Lamba wamkulu pa mkono wowonda amaonetsa BP yotsika. Mu 2023 akatswiri a ku Johns Hopkins ku America anapeza kuti anthu a mikono ikuluikulu kwambiri, atayezedwa ndi lamba wamba, nambala yam'mwamba inkakwera ndi pafupifupi 20.

Taganizani za bambo wadzitho amene amakweza matumba a mbatatesi m'malole ku Tsangano, ndi agogo ochepa thupi a ku Bilira, onse akuyezedwa ndi lamba mmodzi. Bamboyo angathe kuuzidwa kuti akudwala pamene ali bwino. Agogowo angabwerere kwawo atauzidwa kuti zonse zili bwino pamene magazi akuthamanga. Matendawa nthawi zambiri sapweteka paliponse, mpaka tsiku limene munthu wagwa n'kufa ziwalo. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Tiyeze mkono tisanagule

Tibwereke tepi ya telala. Tipeze pakati pa nsonga ya phewa ndi chigongono, kenako tizungulitse tepiyo osathinitsa. Opanga amalemba muyeso pa lamba penipenipo. Ambiri obwera ndi makina a kunyumba amalembedwa masentimita 22 mpaka 32. Ngati mkono wapitirira apo, tifunse wamkulu, wa 32 mpaka 42. Ngati m'nyumba muli mikono yosiyana, malamba akhale awiri, makina amodzi omwewo.

Kavalidwe kake

Lamba akhudze khungu. Juzi ya m'nyengo yozizira ya ku Lizulu tivule, tisangopinda mkono wake, chifukwa mpindirowo umapananso mtsempha. Lambayo akhale masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa mopindikira mkono, kapaipi katsike cham'kati, kuloza kuchikhatho. Tikamata, zala ziwiri zizitha kulowa mopanikizika. Tikhale kaye pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima. Makina akamapopa, tisayankhule.

Zomata nazo zimakalamba. Tizichotsa tiulusi todzaza m'timano take. Lamba akayamba kumasuka yekha pamene akufufuma, kapena kapaipi kakamaphwetsa mpweya, tigule lamba wina. Kumanga ndi chingwe kapena ndi mphira wa chubu kumangowonjezera bodza.

Tikapeza 140/90 kapena kuposa apo pa masiku angapo, tipite ku chipatala cha boma cha Ntcheu, ku Lakeview ku Mlangeni, kapena chipatala chilichonse chapafupi. Mayi woyembekezera asadikire masiku, apite tsiku lomwelo. Popita tinyamule makina ndi lamba wathu kuti anamwino afanizire ndi zawo, ndipo ngati lamba wa kuchipatala sakufika bwino pamkono, tipemphe wina mwaulemu. Mankhwala tisasiye kapena kuchepetsa tokha chifukwa cha manambala a kunyumba. Tilembe manambalawo m'kabuku, adokotala akawaone.