Galimoto Yakale ndi Yamakono: Kodi Yolimba Ndi Iti?

Akuluakulu akakhala pansi kukamba za galimoto, dzina la Peugeot 404 silichedwa kutchulidwa. Iwo amati imeneyo ndiyo inali galimoto, pamene za masiku ano ndi zitini chabe zimene zimapindika ngakhale zitangogunda mbuzi. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, komatu wophunzira ayenera kuwatafuna asanawameze.

Galimoto ya 404 inayamba kupangidwa ku France m'chaka cha 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza kufikira 1991. Mbiri yake inawanda chifukwa inapambana kanayi mpikisano woopsa wa East African Safari: mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1963 galimoto 84 zinanyamuka, koma zimene zinafika kumapeto zinali zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo yotsogolera inali 404. Injini yake inali yosavuta kuimvetsa. Petulo ndi mpweya zinkasakanikirana m'kabuleta imene makaniko ankatha kuimasula ndi kuitsuka atakhala patsinde pa mtengo, ndipo woyendetsa wa khutu labwino ankadziwa vuto pongomvetsera kulira kwa injini.

Toyota Corolla ya masiku ano siili choncho. Kompyuta ndiyo imalamula muyeso wa mafuta olowa mu injini, ndipo galimoto ikadwala makaniko amayamba walumikiza makina oyezera kuti awerenge chimene chavuta. Mnyamata amene watsiriza sukulu nafuna ntchito ya umakaniko adziwe kuti sipanala yokha sidzamudyetsa. Aphunzirenso za magetsi.

Koma mlandu weniweni wagona pa ngozi. Mu 2009 bungwe la ku Amereka la Insurance Institute for Highway Safety linagundanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009, iliyonse ikuthamanga makilomita 64 pa ola, mutaikidwa zidole m'malo mwa anthu. Bel Air ija, ngakhale inali yaikulu ndi yooneka yamphamvu, inaphwanyika mpaka m'kati: chiwongolero chinakankhidwira pa chidole ndipo malo a woyendetsa anafinyika, kotero kuti munthu sakadapulumuka. Malibu inapindika kutsogolo kokha, ndipo woyendetsa wake akadangovulala mwendo.

Tsono kupindika kumene akuluakulu amakunyoza kunachita kukonzedwa dala. Mphamvu ya kugunda siimangozimirira, imayenera kupita kwina. Galimoto yamakono ili ndi mphuno yofewa yoti imeze mphamvuyo, ndi chipinda cholimba chosunga anthu. Yakale inalibe kusiyanitsa kotere, ndipo inkapindika paliponse, ngakhale pamene pakhala munthu. Nzeruyi inachokera kwa Béla Barényi wa kampani ya Mercedes-Benz, ndipo lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno anakonzedwa ndi Nils Bohlin wa Volvo, imene inayamba kumuika m'galimoto zake mu 1959.

Galimoto zambiri zolowa muno m'Malawi ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Amene akugula yotere aone kanyali ka thumba la mpweya lotchinjiriza pa ngozi: kayenera kuyaka potembenuza kiyi ndi kuzima pakapita kamphindi. Kakapanda kuyaka konse, kapena kakangoyakabe, afunse chifukwa chake asanapereke ndalama.