Chifukwa Chake Chinthu Chokhazikika Chimayamba Kutsetsereka

Munthu akaika thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa thabwa la paini la ku Chikangawa nayamba kulikankha pang'onopang'ono, thumbalo silisuntha. Akaonjezera mphamvu, limakhalabe phee. Koma imafika nthawi imene limayamba kuyenda mwadzidzidzi. Kodi chimene chinaligwira poyamba nchiyani?

Zinthu ziwiri zikakhudzana, pamakhala kukhakhala kosaoneka ndi maso kumene kumazikoletsa. Apa mpamene pamachokera mphamvu ya kukhulana. Mphamvu imeneyi imabweza molingana ndi mmene munthu akukankhira: akakankha pang'ono imabweza pang'ono, akalimbikira nayonso imalimbikira. Komabe ili ndi malire, ndipo malirewo akapyoledwa chinthu chimasuntha. Chikangoyamba kuyenda, kukhulana kumachepa. Nchifukwa chake chiyambi ndicho chimavuta.

M'chaka cha 1699 katswiri wa ku France, Guillaume Amontons, anaonetsa kuti malire amenewa amakula malinga ndi kulemera kumene kukupanikiza zinthuzo. Matumba awiri osanjikizana amafuna mphamvu yowirikiza kawiri. M'chaka cha 1781 Charles-Augustin de Coulomb anatsimikiza mfundoyi atayesa matabwa ndi zitsulo.

Thabwa lija likatukulidwa mbali imodzi, gawo la kulemera kwa thumba limayamba kulikokera kumunsi, pamene gawo lolipanikiza pathabwa limachepa. Kupendekeka kukafika pa mlingo wake, thumba limatsetsereka lokha. Momwemonso mchenga wouma umene galimoto yakhuthula suima chilili. Mulu wake umapendekeka pafupifupi madigiri 34 basi.

Phunziro limeneli likukhudza moyo wa anthu a mu mzinda wa Mzuzu, kumene nyumba zambiri, monga za ku Masasa, zinamangidwa pa zitunda ndi m'mbali mwa zigwa. Dothi la pamtsetse limakhazikika chifukwa timibulu take timakolana. Mvula ikagwa masiku otsatizana, madzi amadzaza mipata ya m'dothi ndi kutekesa timibuluto, motero kukhulana kumachepa pamene dothi likulemera. Malire akapyoledwa, nthaka imene yakhala chikhalire zaka zambiri imagumuka m'kamphindi. Mvula yamphamvu ya mu April 2016 inagwetsa nyumba zambiri mumzindawu, ndipo anthu ena anataya miyoyo.

Tsono womanga pamtsetse asadule chitunda chilili kuseri kwa nyumba yake. Akumbe ngalande zopatutsa madzi, abzale udzu wa vetiva, ndipo asamalire mitengo, pakuti mizu imamanga dothi. Akaona ming'alu yatsopano panthaka kapena pakhoma, mitengo ikuweramira kumunsi, kapena madzi akutumphuka pamene panalibe kasupe, achotse banja lake msanga ndi kudziwitsa akuluakulu a deralo. Nthaka imene ili phee lero si umboni wakuti malire ake ali kutali.