Bunker Hill ndi Kasungu: nkhondo ziwiri zimene Angelezi anapambana

Pa 17 Juni 1775, asilikali a mfumu ya ku Britain anakwera kaphiri kena pafupi ndi mzinda wa Boston kuti akachotse atsamunda a ku America amene anakumba maenje obisalamo usiku wathawo. Nkhondoyo imatchedwa ya Bunker Hill, ngakhale kuti kumenyana kwenikweni kunachitikira pa kaphiri koyandikana nako, ka Breed's Hill. Patapita zaka 120, kumapeto kwa Disembala 1895, gulu lina lankhondo la Angelezi linanyamuka ku Nkhotakota kudzathira nkhondo Mwase, mfumu ya Achewa a ku Kasungu. Konsekonse Angelezi ndiwo anapambana. Koma ku America chipambano chawocho chinali chiyambi cha kutaya dziko, pamene kwathu kuno chinali kulanda dziko.

Ku Bunker Hill, William Howe anatumiza asilikali ake ovala zofiira atandandalika m'mizere. Anyamata a William Prescott anawadikira mpaka afike pafupi, n'kuwawaza zipolopolo. Kawiri konse Angelezi anabwerera chothawa. Kachitatu anakwera n'kulanda malowo chifukwa onga unawathera Amereka. Angelezi ophedwa anali 226, ovulala opitirira 800, pamene mbali inayo ophedwa, ovulala ndi ogwidwa onse pamodzi anali pafupifupi 450. Tauni ya Charlestown inapsa tsiku lomwelo.

Ya ku Kasungu sinatenge nthawi. Alfred Swann, amene ankayang'anira boma la Nkhotakota, ndi msilikali wina dzina lake Edward Alston anabwera ndi Asikhi ochokera ku India, asilikali achikuda ophunzitsidwa, ndiponso chinamtindi cha anthu a kunyanja. Linga la Mwase, m'munsi mwa phiri, linagwa. Mwase anasankha kudzipha osati kumangidwa ndi mzungu. Boma limene Angelezi anamanga pamalopo analitcha Fort Alston.

Wina angafulumire kunena kuti Amereka anali olimba mtima kuposa Achewa. Ameneyo sadziwa mbiri ya Kasungu. Anthu omwewa, m'zaka za m'ma 1860, anagonjetsa Angoni pa phiri limene mpaka lero limatchedwa Nguru ya Nawambe, pa nthawi imene mafumu ambiri a Achewa ankangothawira m'mapiri akamva kuti zishango zikubwera. Mwase anali ndi mfuti, anali ndi linga, ndipo anthu ake nkhondo ankaidziwa.

Kusiyana koyamba kunali pa zida. Mfuti imene mlimi wa ku Massachusetts ananyamula inali yofanana ndi ya msilikali wa mfumu: zonse zinali zothira onga kukamwa, kuombera kamodzi, n'kuyambanso kutsendera. Pofika 1895 mfuti za ku Ulaya zinali zitasintha kwambiri, zoika chipolopolo kumbuyo ndi kuombera patali, pamene zambiri za kuno zinali zikadali za gogodera. Ndiponso pangano la ku Brussels la 1890 linali litaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa. Pangano lomwe ankati n'lothetsa ukapolo linathandizanso kuti eni dziko atsale ndi zida zachikale.

Koma chachikulu, m'kuona kwanga, ndi funso la amene anaima kumbuyo kwa ogonjawo. Prescott atathawa pa kaphiri kaja, nkhondo sinathere pomwepo. Ku Philadelphia kunali msonkhano wa madera a ku America, umene masiku awiri m'mbuyomo unali utasankha George Washington kukhala mkulu wa asilikali. M'malo mwa onga umene unatha pa Bunker Hill, unadzabwera wina kuchokera ku France, poyamba mozembetsa, kenako poyera France italowa nkhondoyo mu 1778. Ndipo mlimi wa ku Kasungu amene amachezera usiku kusonkhezera moto m'balani ya fodya wa fuluu, fodya amene dzina lake lina ndi Virginia, angakonde kudziwa kuti china mwa zimene Amereka ankalipirira zida ndi ngongole zawo chinali fodya wa ku Virginia komweko. Anali ndi mbewu yoti agulitse, madoko oti aitulutsire, ndi wogula amene anali mdani wa Angelezi.

Mwase chuma chake chinali minyanga ya njovu, ndipo njira yake yaikulu inali ya ku Nkhotakota, kuwolokera kutsidya la nyanja. Jumbe, mfumu ya ku Nkhotakota, anali atasaina kale pangano ndi Harry Johnston, woimira Angelezi, mu 1889, ndipo pofika 1895 doko lija linali m'manja mwa Swann. Kumene kunkachokera onga n'komwe kunachokera nkhondo. Anansi nawonso aliyense anali ndi yake. Mlozi anapachikidwa ku Karonga kumayambiriro kwa Disembala yemweyo, Gomani anaphedwa mu 1896, Mpezeni anagonja mu 1898. Johnston ankawathyola mmodzimmodzi ngati chimanga m'munda, ndipo nthawi zambiri ankagwiritsa ntchito manja a anansi awo. Panalibe dziko lotchedwa Malawi loti Mchewa, Mngoni ndi Mtonga alimenyere limodzi. Mtonga amene anazunzikapo ndi Angoni anali ndi zifukwa zake zomveka zoyendera ndi mzungu.

Nkhani ya ukapolo ndiyo imavuta kuilongosola mwachilungamo. Chifukwa chimene Angelezi anapereka pobwera ku Kasungu n'chakuti Mwase ankasunga Saidi Mwazungu, wamalonda a akapolo amene ankamufuna pa mlandu wa kuphedwa kwa anthu awo kwa Makanjira mu 1891. Zimenezo si zabodza, ndipo njira ya minyanga inali yomweyo ya akapolo. Sitingamuveke Mwase nsalu yoyera. Koma Washington nayenso anali ndi akapolo mazanamazana m'minda yake ku Mount Vernon, ndipo dziko limene anamenyera ufulu linasunga ukapolo mpaka 1865. Kusiyana kwake n'kwakuti mbiri ya Bunker Hill anailemba ndi zidzukulu za ogonja tsikulo, zomwe zinamanganso chipilala chachitali pamalopo n'kuchitsegulira mu 1843. Mbiri ya Kasungu yoyamba kulembedwa inachokera m'malipoti a Johnston ndi anzake.

Amereka anadikira zaka zisanu ndi zitatu, Britain n'kuvomera ufulu wawo ku Paris mu 1783. Ku Kasungu chimene chinatsatira linga la Mwase chinali msonkho wa nyumba, ndipo anyamata anayamba kuyenda pansi ulendo wa ku Halale ndi ku Joni kukasaka ndalama yake. Mmodzi wa iwo, wa m'dera lomweli, anali Kamuzu Banda, amene anabwerako mu 1958, ufulu n'kudzapezeka mu 1964.