Tiyi wa ku Thyolo ndi mpata wa ndalama zakunja m'dziko muno

Thyolo, Mana: Mvula ikayamba kugwa m'mwezi wa December, anthu zikwizikwi amalawirira m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba m'boma la Thyolo kukathyola masamba. Tiyi wambiri wa m'minda imeneyi samwedwa m'dziko muno. Amagulitsidwa pa msika wa okushoni ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula a ku South Africa, Britain ndi maiko ena, ndipo malipiro ake amabwera m'madola.

Dziko lino limakolola matani oposa 40,000 a tiyi pachaka, makamaka ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo mbewuyi ili m'gulu limodzi ndi fodya komanso shuga pobweretsa ndalama zakunja. Komabe ndalama zakunjazo zakhala zikusowa m'mabanki. Chifukwa chake chimaoneka m'kaundula yemwe akatswiri a zachuma amamutcha current account, momwe mumalembedwa ndalama zomwe dziko lapeza kuchokera kunja ndi zomwe lalipira kunja m'chaka chimodzi.

Kaundulayu ali ndi zigawo zinayi, ndipo zonse zimapezeka pa esiteti ya tiyi. Chigawo choyamba ndi cha katundu: tiyi akatuluka, madola amalowa, koma feteleza wa m'munda, dizilo ndi zipangizo za makina a m'fakitale zimagulidwa kunja. Chachiwiri ndi cha ntchito zolipidwa monga mtengatenga ndi inshuwalansi. Popeza Malawi alibe doko la panyanja yamchere, katundu wake amadzera ku Beira, Nacala kapena Durban, ndipo gawo lalikulu la ndalama za ulendowo limapita kwa makampani akunja.

Chigawo chachitatu ndi cha phindu ndi chiwongoladzanja. Kampani ya Eastern Produce Malawi, yomwe ili ndi minda ku Thyolo ndi Mulanje, ndi nthambi ya kampani ya Camellia ya ku Britain, choncho phindu lomwe lingatumizidwe kwa eni ake limalembedwa ngati ndalama zotuluka, chimodzimodzi chiwongoladzanja chomwe boma limalipira pa ngongole zakunja. Chachinayi ndi cha ndalama zongopatsidwa, monga zomwe mnyamata wa ku Bvumbwe wogwira ntchito ku Johannesburg amatumizira makolo ake, komanso thandizo la maiko ndi mabungwe akunja.

Akaphatikiza zigawo zonsezi, zotuluka zikaposa zolowa, pamakhala mpata. M'zaka za 2023 ndi 2024 dziko lino linkagulitsa kunja katundu wa madola pafupifupi 1 biliyoni pachaka, pomwe linkagula wa madola pafupifupi 3 biliyoni. Tiyi yense wa chaka chathunthu ankabweretsa madola osafika 100 miliyoni, ndalama zosakwana kugula mafuta a galimoto a miyezi iwiri.

Kukula kwa mpatawu sikuyezedwa ndi madola okha. Akatswiri amaufanizira ndi chuma chonse chomwe dziko lapanga m'chakacho, chomwe chimatchedwa GDP, chifukwa ngongole imalemera malinga ndi thumba la woitenga. Mpata wa madola 2 biliyoni ku South Africa, komwe chuma chake ndi cha madola pafupifupi 400 biliyoni, sufika ngakhale 1 peresenti. Mpata womwewo kuno, komwe chuma chinali cha madola oposa pang'ono 10 biliyoni, unkayandikira 20 peresenti, ndipo ndi pamene dziko lino linali m'zaka ziwirizi. Izi zikutanthauza kuti pa K100 iliyonse ya chuma chomwe Amalawi anapanga, panafunika pafupifupi K20 ina yochokera kunja kuti zogula zonse zilipidwe. Akatswiri ambiri amayamba kuchenjeza mpata ukapitirira 5 peresenti.

Mpata umatsekedwa ndi ngongole, ndalama za anthu akunja odzayambitsa mabizinesi, kapena ndalama zomwe banki yaikulu ya Reserve inasunga. Njirazi zikaphwa, zotsatira zake zimafika pakhomo pa aliyense: mizere italiitali pa malo omwetsera mafuta monga zinalili mu 2011 ndi 2022, kusowa kwa mankhwala ndi feteleza, komanso kutsika mphamvu kwa kwacha. Ndalamayi inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023.

Kwacha ikatsika, esiteti imapeza makwacha ambiri pa dola iliyonse ya tiyi, koma feteleza ndi dizilo nazonso zimakwera. Wothyola tiyi, yemwe amalandira makwacha, amapeza kuti sopo, mafuta ophikira ndi mtengo wa minibasi yopita ku Limbe zakwera malipiro ake asanasinthe. Motero munthu yemwe manja ake amabweretsa madola ndiye amayamba kumva ululu wa kusowa kwake.

Njira zochepetsera mpatawu ndi ziwiri: kugula zochepa kunja kapena kugulitsako zambiri ndi zamtengo wapamwamba. Tiyi wambiri wa m'dziko muno amatuluka m'matumba akuluakulu, n'kukasakanizidwa ndi tiyi wa maiko ena, kuikidwa m'mapaketi ndi kugulitsidwa pa dzina la kampani yakunja, komwe phindu lalikulu limatsalira. Esiteti ya Satemwa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1923, imapanganso tiyi wapadera wobiriwira ndi woyera yemwe amagulidwa pa mtengo wokwera, ndipo minda ina m'bomali inadzala mitengo ya makademiya. Masomphenya a Malawi 2063, omwe boma linakhazikitsa mu 2021, amatsindika za kukonza mbewu kuno kwathu zisanatumizidwe kunja, ndi cholinga choti kilogalamu iliyonse yotuluka pa chipata cha Mwanza ibweretse madola ochulukirapo.