Kugulira Mwana Makina a Gemu: Zoyenera Kudziwa Musanatulutse Ndalama

Ana ambiri a m'tauni masiku ano mukawafunsa mphatso imene akufuna, amatchula PlayStation. Pempholi limafika kwa makolo, limafikanso kwa amalume amene angoyamba ntchito, ndi kwa azakhali a ku Joni kapena ku UK amene akufunsa kuti abwere ndi chiyani pa tchuthi. Popeza ife a kukoleji ndife amene timaoneka odziwa zamakono pabanja, funso limatigwera ife: "Achimwene, tigule iti?"

Funsoli ndi lofunika kuliyankha mosamala chifukwa ndalama zake ndi zambiri. Makina osankhidwa molakwika amatha kungokhala m'kabati chifukwa pakhomo palibe intaneti yokwanira, kapena kupsa magetsi akabwera mwamphamvu, kapena kumubweretsera mwana wa zaka 8 zinthu zimene anakonzera akuluakulu. Nazi mfundo zokuthandizani kupereka malangizo abwino.

Makina amene ali pamsika

Makampani akuluakulu ndi atatu: Sony ndi Nintendo a ku Japan, ndi Microsoft ya ku America.

Sony imapanga PlayStation. PS4 inatuluka mu 2013, ndipo PS5 inabwera mu November 2020 ili mitundu iwiri: yolowetsa disiki, imene ku America inayamba pa madola 499, ndi yopanda polowetsa disiki ya madola 399. Mu 2024 anatulutsa PS5 Pro ya madola 699, koma imeneyi anakonzera anthu ofuna zithunzi zapamwamba kwambiri pa TV yodula. Mwana sangaone kusiyana kwake.

Microsoft imapanga Xbox. Mu November 2020 inatulutsa Series X, ya madola 499, ndi Series S, yaing'ono ya madola 299. Series S ilibe polowetsa disiki.

Nintendo inatulutsa Switch mu March 2017 pa madola 299. Makinawa mumatha kuwanyamula m'manja ngati foni yaikulu, kapena kuwaika pa kachoikapo kake n'kusewera pa TV. Switch Lite ya 2019, ya madola 199, ndi ya m'manja basi, silumikizidwa ku TV. Switch OLED ya 2021 ili ndi sikirini yaikulu ndi yowala bwino. Switch 2 inatuluka mu June 2025 pa madola 449, ndipo imasewera ambiri mwa magemu a Switch yoyamba.

Iyi ndi mitengo ya ku America panthawi imene makinawo ankatuluka. Kuti afike kuno pamaonjezeka ndalama yonyamulira, msonkho wa MRA ndi phindu la wogulitsa. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsika ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho chilichonse chogulidwa ndi madola chinakwera mtengo.

Yambani ndi gemu imene mwana akufuna

Makina ndi chotengera chabe, chimene mwana akufuna ndi magemu ake. Ndipo si gemu iliyonse imene imapezeka pa makina onse. Mario Kart, Super Mario, Zelda ndi magemu akuluakulu a Pokémon ndi a Nintendo, simungawapeze pa PlayStation kapena pa Xbox. Spider-Man wa kampani ya Sony ndi Astro Bot simungawapeze pa Switch kapena pa Xbox. Minecraft, Fortnite ndi gemu yampira ya FIFA, imene kuyambira 2023 imatchedwa EA Sports FC, zimapezeka pa makina a makampani onse atatu.

Choncho mufunseni mwanayo, kapena makolo ake ngati mukufuna kuti adzangodabwa: amakonda kusewera chiyani? Ngati yankho ndi mpira, monga mmene zilili ndi ana ambiri amene anazolowera m'nyumba zolipiritsa gemu m'matauni mwathu, PS4 yosamalidwa bwino imakwanira. FC 25 ya 2024 inatulukanso pa PS4. Ngati mwana ndi wamng'ono, wa zaka 6 mpaka 10, magemu ambiri omuyenera ali pa Switch.

Funsaninso kuti pakhomopo pali ana angati. PS5 ndi Xbox zimabwera ndi padi imodzi yokha, ndipo yachiwiri mumagula payokha. Switch wamba ndi OLED zimabwera ndi timapadi tiwiri tochotseka totchedwa Joy-Con, moti ana awiri amatha kusewera limodzi tsiku lomwelo. Switch Lite ndi ya mwana mmodzi. Mukaipereka m'nyumba ya ana atatu, mwabweretsa mkangano.

Magetsi ndi TV za pakhomopo

PlayStation ndi Xbox zilibe batire. Magetsi a ESCOM akazima, masewera atha pomwepo, ndipo kuzima mwadzidzidzi makina ali mkati mosunga zinthu kumatha kuononga zimene mwana anasunga. Magetsi akabwerera mwamphamvu amathanso kuotcha makinawo, n'chifukwa chake mphatsoyi iyenera kupita limodzi ndi kachipangizo kotetezera, kofanana ndi kamene timaika pa filiji kapena pa TV.

Switch ili ndi batire. Switch yokonzedwanso mu 2019 ndi OLED zimagwira maola pakati pa 4.5 ndi 9 malinga ndi gemu, Lite maola 3 mpaka 7, ndipo Switch 2 maola 2 mpaka 6.5. Kadyedwe ka magetsi kamasiyananso kwambiri. PS5 imadya mawati pafupifupi 200 ikamasewera gemu yolemera, pamene Switch yoyamba safika ndi pa 20 pomwe. Panyumba yodalira sola yaing'ono, kusiyana kumeneku ndi kumene kungathetse nkhani.

Magetsi a ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo mapulagi athu ndi a mano atatu ngati a ku UK. Ku America amagwiritsa ntchito mavoti 120. PS4, PS5 ndi Switch zimalandira mavoti kuyambira 100 mpaka 240, koma makina ena akale, monga Xbox 360 yochokera ku America, amabwera ndi chosinthira magetsi cha dziko lakelo chokha, ndipo chimapsa mukachilumikiza kuno. Werengani zolembedwa pa makinawo kapena pa tchaja musanalumikize.

Onaninso kumbuyo kwa TV. Makina onse atsopanowa amafuna polowetsa HDMI. Ngati TV ndi yakale ija ya zingwe zachikasu, zoyera ndi zofiira, mphatso yanu ifuna TV ina.

Disiki kapena intaneti

Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Xbox Series S ndi PS5 yopanda disiki zimaoneka zotsika mtengo, koma gemu iliyonse mumaigula ndi kuikopera pa intaneti. Magemu amakono ndi aakulu: ambiri amaposa 40 GB, ndipo ena amaposa 100 GB. Werengerani ndalama imene mumalipira ku Airtel kapena ku TNM pa data yochuluka chonchi, muone ngati makinawo akadali otsika mtengo. Series S yoyamba ili ndi malo a 512 GB, ndipo ena mwa malowo amatengedwa ndi mapulogalamu oyendetsera makina, choncho magemu ochepa okha aidzadza.

Makina olowetsa disiki amakulolani kugula magemu amene ena anawagwiritsa kale ntchito, kubwereka kwa anzanu, ndi kugulitsa gemu imene mwana watopa nayo. PS5 ya disiki imaseweranso pafupifupi magemu onse a PS4, amene amapezeka motsika mtengo. Ngakhale zili choncho, disiki yatsopano nthawi zambiri imafunabe kukopera zokonza zina, ndiye intaneti siipewekeratu.

Magemu a Switch amabwera pa timakhadi ting'onoting'ono, ndipo ambiri a Nintendo amayamba kusewera mukangolowetsa. Timakhaditi anatipaka mankhwala owawa dala kuti mwana wakhanda akatiika m'kamwa alavule. Pa Switch 2 chenjerani ndi makhadi olembedwa Game-Key Card. Amenewa alibe gemu yonse mkati, amangokutsegulirani njira yoti muikopere pa intaneti.

Pali nkhani inanso ya akaunti. Sitolo ya pa intaneti ya PlayStation imagwira ntchito m'maiko osankhidwa, ndipo anthu ambiri kuno amatsegula akaunti ya ku South Africa, UK kapena America. Khadi yoonjezera ndalama iyenera kukhala ya dziko lomwelo la akauntiyo. Khadi ya ku America sigwira pa akaunti ya ku South Africa. Muwauze achibale a kunja zimenezi asanagule.

Nambala ndi zilembo za pa bokosi

Bokosi lililonse la gemu limasonyeza zaka za woyenera kusewera. Magemu ochokera ku Ulaya ndi ku UK amakhala ndi chizindikiro cha PEGI: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Ochokera ku America amakhala ndi zilembo za ESRB: E ndi ya aliyense, E10+ ya zaka 10 kupita m'tsogolo, T ya zaka 13, ndipo M ya zaka 17. Nambalazi sizinena za kuvuta kwa gemu. Zimanena za zimene zili mkatimo, monga kuphana, kutukwana, zachiwerewere ndi juga.

Mario Kart 8 Deluxe ndi ya PEGI 3. Minecraft ndi ya 7. Fortnite ndi ya 12. Grand Theft Auto V, imene ana ambiri amaitchula kuti GTA, ndi ya 18, chimodzimodzi magemu ambiri a Call of Duty. Ogulitsa ena amadzaza makina ndi magemu ngati "basela" osafunsa kuti wosewera ndi wa zaka zingati. Onani mndandandawo musanapereke mphatso, ndipo zosayenera muzifufute.

Ndalama zimene zimabwera pambuyo

Gemu yatsopano yaikulu ya PS5 kapena Xbox Series nthawi zambiri imagulidwa madola pafupifupi 70. Kusewera ndi anthu ena pa intaneti kumafuna kulipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka kudzera mu PlayStation Plus, Xbox Game Pass kapena Nintendo Switch Online, kupatula magemu aulere monga Fortnite.

Magemu aulerewo amapeza phindu pogulitsa tinthu ta mkati mwa gemu. Mu December 2022 kampani ya Epic Games, imene imapanga Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma la America la Federal Trade Commission linaiimba, yokhudza zinsinsi za ana ndi kulipiritsa anthu zinthu zimene sanafune kugula. Mu gemu yampira ija mulinso gawo la Ultimate Team, mmene munthu amagula phukusi la osewera asakudziwa kuti apezamo ndani. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti maphukusi otere ogulidwa ndi ndalama ndi juga. Choncho musasiye khadi yanu ya kubanki italembedwa m'makina a mwana. Ngati mukufuna kumugulira china, gwiritsani ntchito khadi yokhala ndi ndalama zowerengeka.

Mukagula makina ogwiritsidwa kale ntchito

Ambiri a ife tidzagula kwa munthu, pa Facebook kapena m'mashopu a m'tauni. Musalipire musanayese. Yatsani makinawo, sewerani mphindi 20 kapena 30, ndipo mvetserani ngati fani ikulira kwambiri, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro cha fumbi ndi kutentha. Lowetsani disiki muone ngati ikuwerenga. Siyani padi pansi osaigwira. Ngati munthu wa pa sikirini akuyenda yekha, kandodo ka padiyo kafa. Vutoli limadziwika kwambiri pa Joy-Con, ndipo pa Switch Lite limapweteka koposa chifukwa timapadi take sitichoka.

Funsani ngati makinawo anawathyola kuti azisewera magemu okopera mwakuba. Otere amatha kutsekedwa ndi kampani akalowa pa intaneti. Funsaninso ngati magemu amene ali mkatimo ali pa akaunti ya wogulitsa. Akadzasintha mawu achinsinsi, magemuwo atha kutsekeka, inu mutalipira kale.

Malire a nthawi

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto losatha kudziletsa pa magemu m'buku lake la matenda la ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu January 2022. Ana ambiri safika pamenepo, koma kugona mochedwa ndi kusiya homuweki kumayamba msanga. Makampani onse atatu ali ndi njira zaulere zothandiza makolo. Nintendo Switch Parental Controls ndi Xbox Family Settings ndi mapulogalamu a pa foni, ndipo PlayStation ili ndi makonzedwe a banja. Kholo limatha kuika maola a tsiku lililonse payekhapayekha, kuphatikizapo masiku a sukulu ndi Sabata, kuletsa magemu opitirira zaka za mwana, ndi kutseka macheza ndi anthu osawadziwa. Konzani zimenezi musanakulunge mphatso, ndipo kambiranani ndi makolo ake kaye. Iwo ndi amene adzakhale ndi makinawo m'nyumba inu mutabwerera kusukulu.

Ndiye tigule iti?

Kwa mwana wosafika zaka 10, kapena panyumba pamene magetsi amavuta, Switch wamba kapena OLED ndiyo yabwino. Lite ndi ya mwana amene ali yekha. Kwa wokonda mpira pamene ndalama ndi zochepa, PS4 yoyesedwa bwino, mapadi awiri ndi chotetezera magetsi zimamukwanira. Kwa wachinyamata wa kusekondale amene kwawo kuli magetsi odalirika, PS5 ya disiki idzamutumikira zaka zambiri. Xbox Series S ndi PS5 yopanda disiki muziganizire pokhapokha ngati pakhomopo pali intaneti yopanda malire.

Powerengera ndalama, phatikizani makina, padi yachiwiri, magemu awiri oyenera msinkhu wake ndi chotetezera magetsi. Ngati zonsezi pamodzi zikufika pa ndalama ya fizi kapena ya mayunifomu, dikirani kaye, mudzagule chaka chamawa.