Ilala ndi maboti a matabwa pa ulendo wa ku Likoma

Munthu wa ku Likoma kapena ku Chizumulu akafuna kuwolokera ku Nkhata Bay nthawi zambiri amasankha pakati pa zinthu ziwiri: kudikira sitima ya Ilala kapena kukwera boti la matabwa loyendera injini. Ndege zing'onozing'ono zimatera ndithu pa Likoma, koma mayi wogulitsa usipa saziwerengera n'komwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 m'boma la Likoma, ndipo zilumba zawo zili chakum'mawa kwa nyanja, pafupi ndi gombe la Mozambique, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Nkhata Bay. Dothi lake ndi lamchenga ndi miyala, lobereka chinangwa ndi malambe. Chimanga, shuga, simenti, malata, mafuta ndi mankhwala a m'chipatala zonse zimabwera pamadzi.

Ilala inapangidwa mu 1949 ku Scotland ndi kampani ya Yarrow. Anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuilumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Ndi yachitsulo, yotalika mamita pafupifupi 52, ndipo imanyamula anthu mazana angapo pamodzi ndi katundu wolemera amene boti silingayerekeze. Ubwino wake waukulu umaoneka mwera ukayamba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Mphepo ya kumwerayi imautsa mafunde aakulu pakati pa nyanja, pamene palibe gombe lothawirako. Ilala imagwedezeka, anthu amasanza, ana amalira, koma imafika. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja sanaiwale kuti sitima ya Vipya inamira mu 1946 ndipo anthu oposa 140 anafera m'madzi. Kuti Ilala yayenda zaka zoposa 70 panyanja yomweyo si chinthu chaching'ono, ndipo amalinyero ake ayenera ulemu.

Vuto la Ilala ndi ndandanda yake. Imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, n'kumaima m'madooko mpaka ku Chilumba, kenako n'kubwerera. Ndiye kuti Ilala yochoka ku Likoma kulowera ku Nkhata Bay imapezeka kamodzi pa sabata, yobwerera nayonso kamodzi. Amene wapita kumtunda kukasainitsa pepala limodzi amagona masiku kwa achibale kapena m'nyumba zolipira, ndalama ya ulendo n'kuthera pa chakudya. Wodwala amene madokotala a pachipatala cha St Peter's amutumiza ku Mzuzu Central Hospital sangauze matenda kuti adikire Loweruka, tsiku la sitima. Komanso makina okalamba amadwala. Mu 2012 Ilala inakhala miyezi yambiri ku Monkey Bay ikukonzedwa, ndipo nthawi iliyonse ikaima chonchi mitengo ya zinthu m'magolosale a pazilumba imakwera, nsomba zouma n'kumaunjikana m'matumba popanda wozigula.

Kukwera ndi kutsika kumene ndi nkhani ina. Pamalo popanda dooko lofikira, sitima imaponya nangula patali ndipo anthu amatsikira m'maboti ake ang'onoang'ono, nthawi zina usiku. Boti limakwera ndi kutsika ndi mafunde m'mbali mwa sitima, munthu n'kumayembekezera mphindi yoti aponye phazi. Mwana amaperekedwa dzanja ndi dzanja pamwamba pa mitu ya anthu. Thumba la ufa limatsikira pamapewa a mnyamata amene waima m'madzi olekeza m'chiuno. Gogo amene miyendo yake yafooka amachita kunyamulidwa. Anthu a ku Likoma anatsika motere kwa mibadwo, mpaka ena anayamba kuyesa kuti ulendo wa panyanja umayenera kukhala chomwechi.

Maboti a matabwa anabwera kudzatseka mpata umene Ilala inasiya, ndipo pa zimenezi eni ake sitingawanyoze. Amayenda pafupipafupi, amakocheza pamchenga pomwepo, ndipo mwini boti amadziwana ndi omukwera. Wamalonda akhoza kukambirana naye mtengo wa katundu, mwinanso kulipira akagulitsa. Ndalama yake imatsala m'manja mwa anthu a m'deralo. Ndi maboti omwewa, pamodzi ndi a matanga, amene amalumikiza Likoma ndi Cobue, tsidya la Mozambique, kumene kumachokera nkhuni ndi zakudya zina.

Koma boti limapeza phindu likadzaza, ndipo apa m'pamene pagona ngozi. Matumba a simenti amayalidwa pansi, makireti ndi zigubu za petulo pamwamba, anthu n'kukhala pamwamba pa zonsezo, mpaka m'mphepete mwa boti mumatsala pang'ono kukhudza madzi. Mnyamata mmodzi amakhala kumbuyo ndi chigubu chodula pakati, ntchito yake kukapa madzi ulendo wonse. Majekete oyandamitsa munthu, akakhalapo, sakwanira onse. Injini ikazima pakatikati, boti limangotengeka ndi mphepo. Ndipo mwera ukalimba, woyendetsa wanzeru sanyamuka, choncho miyezi imene anthu amafunitsitsa njira yodalirika ndi imene maboti amalephera.

Ndikaziika pamodzi, ndimaona kuti Ilala imapambana pa chitetezo ndi kunyamula katundu, maboti amapambana pa kupezeka. Munthu sayenera kukakamizidwa kusankha pakati pa kufika wamoyo ndi kufika nthawi yabwino. Pa ziwirizi ine ndili kumbali ya sitima yachitsulo, koma osati pa ndandanda yozungulira nyanja yonse. Ulendo wautali wa Monkey Bay mpaka Chilumba unali wanzeru pamene misewu ya m'mbali mwa nyanja kunalibe. Lero munthu wa ku Nkhotakota amakwera basi pa msewu wa M5. Otsala opanda njira ina yodalirika ndi a pazilumba ndi a midzi ngati Usisya ndi Ruarwe, yotsekeredwa ndi mapiri. Chofunika ndi sitima yocheperako, ya msinkhu wa sitima ya Chilembwe kapena kuposerapo, yokhala ku Nkhata Bay, yoyenda pakati pa Nkhata Bay, Chizumulu ndi Likoma kangapo pa sabata, pa masiku odziwika, ndi ina yoilowa m'malo ikapita kokakonzedwa.

Ena adzati sitima yotere singabweze ndalama zake, ndipo mwina akunena zoona. Koma msewu wopita ku Chitipa kapena ku Nsanje sitiufunsa phindu. Timaumanga chifukwa kumeneko kuli Amalawi. Msodzi wa ku Chizumulu akagula petulo wa injini yake amalipira msonkho wokonzera misewu umene uli mu mtengo wa mafuta, chonsecho misewu ya tala imene msonkhowo umakonza saiyendapo. Gawo la ndalama zotere likhoza kulipirira ulendo wa sitima, pangano n'kulembedwa kuti kampani yoyendetsa ilandire pokhapokha sitima yanyamuka pa tsiku lake. Maboti a matabwa apitirize ntchito ya maulendo afupiafupi, koma a dipatimenti yoona za panyanja aziwayendera asananyamuke, aziwerenga anthu ndi majekete.

Aphungu a ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, nkhaniyi ndi yanu poyamba. Bajeti ikamakambidwa ku Lilongwe, funsani kuti ndalama ya sitima ya pazilumba ili pa tsamba liti.