Kukonza Lamba Wachitsulo wa Wotchi

Anzanga, wotchi ya pamkono ndi yothandiza. Imatiuza nthawi yopita kumsonkhano, kusikelo kapena kokakwera basi. Koma mawotchi ambiri angokhala m'masutikesi. Mkati mwake ndi mwabwinobwino, chimene chinaduka ndi lamba basi. Anthu ena amalumikiza lambayo ndi waya kapena ulusi. Tsiku lina wotchi imagwa panjira, galasi n'kusweka, mwinanso kutayika kumene.

Kawirikawiri chimene chimavuta pa lamba wachitsulo ndi kamsomali kamodzi kakang'ono. Mukakadziwa kamsomaliko mungathe kukonza lamba nokha.

Kodi lamba anapangidwa bwanji?

Vulani wotchi yanu, muitembenuze. Muona kuti lamba ali ndi timfundo ngati nzimbe. Timfundoti timalumikizidwa ndi timisomali tolowa cham'mbali. Pamene lamba wagwira wotchi pali kachitsulo kena kokhala ndi sipuling'i m'kati. Mukakakanikiza kamafupika, mukakasiya kamatalikanso. Pakati pa lamba pali chotsekera. Lamba akavuta, yambani mwayang'ana malo atatu amenewa.

Zofunika pa ntchitoyi

Pezani phini wolimba, kampeni, kahamala kakang'ono, timatabwa tiwiri, lichero ndi nsalu yoyera. Yalani nsaluyo m'lichero ndipo muzigwirira ntchito m'menemo. Tizitsulo tina ta wotchi n'tating'ono kuposa njere ya mpunga. Tikagwera pa dothi simungatipezenso. Gwirani ntchitoyi masana, pamalo powala bwino.

Ngati kamfundo kathyoka

1. Yang'anani kunsi kwa lamba. Pa timfundo tina pali timivi. Kamuvi kamaloza kumene kamsomali kamatulukira.

2. Imikani lamba cham'mbali pa timatabwa tiwiri tija, kamuvi kataloza pansi. Siyani mpata pakati pa timatabwato kuti kamsomali kapeze potulukira.

3. Ikani nsonga ya phini pa kamsomali. Gogodani pang'onopang'ono ndi kahamala. Kakatulukira, kakokeni ndi zala.

4. Chitani chimodzimodzi mbali ina ya kamfundo kothyokako, ndipo kachotseni.

5. Lumikizani timfundo totsalato. Bwezerani kamsomali molowera kumene kanatulukira, ndiye kuti mosemphana ndi kamuvi. Timisomali tambiri n'tong'ambika mbali imodzi. Mbali yong'ambikayo ilowe pomalizira, chifukwa ndi imene imagwira. Gogodani mpaka kamsomali kalingane ndi m'mbali mwa lamba.

Chenjerani apa. Malamba ena ali ndi kapaipi kakang'ono kamene kamagwira kamsomali. Kakagwa m'lichero, kabwezereni pamalo pake. Popanda kapaipiko kamsomali kadzagwanso.

Mukachotsa kamfundo kamodzi lamba amafupika. Musadandaule. M'mbali mwa chotsekera muli timabowo tondondozana. Kanikizani kachitsulo ka sipuling'i kamene kali pamenepo, mukasunthire pa bowo lakumapeto. Lamba atalikirako pang'ono.

Ngati lamba wachoka pa wotchi

Apa ndiye kuti kachitsulo ka sipuling'i kapindika, kachita dzimbiri kapena katayika. Kopindika musakawongole, chifukwa kafooka kale. Gulani kena kwa okonza mawotchi. Tengani rula, muyeze mpata wa pakati pa tinyanga tiwiri ta wotchi. Mawotchi ambiri a abambo amakhala ndi mpata wa mamilimita 18, 20 kapena 22. A amayi mpata wake umacheperapo. Lembani nambalayo papepala, kapena pitani ndi wotchi yomweyo.

Lowetsani kachitsulo katsopano m'bowo la lamba. Ikani nsonga imodzi m'kabowo ka kanyanga kamodzi. Kanikizani nsonga inayo ndi kampeni, muikankhire m'kati mpaka mumve kuti "tha!" Phimbani ndi chala pochita zimenezi, chifukwa kachitsuloka kamadumpha ndipo kangathe kukulasani m'diso. Tsono kokani lambayo kawiri kapena katatu. Ngati sakuchoka, wagwira.

Ngati chotsekera chikungotseguka chokha

Pa chotsekera pali kamlomo kamene kamakola. Kamafutukuka ndi kutsegulatsegula. Kapindireni m'kati pang'ono chabe, kenaka yesani kutseka. Ngati sichinagwire, onjezani pang'ono. Mukapinda mwamphamvu kamlomoko kathyoka.

Zoyenera kupita nazo kwa mmisiri

Sikuti zonse n'zokonza pakhomo ayi. Ngati lamba ndi womanga ndi timasikuluwu tolimba, ngati kanyanga ka wotchi kathyoka, kapena ngati wotchiyo ndi yamtengo wapatali, pitani nayo kwa wokonza mawotchi. Guluu musathire. Amaumitsa timfundo, lamba n'kuleka kupindika.

Kusamala lamba

Thukuta ndi fumbi zikalowa pakati pa timfundo zimadya timisomali. Nthawi ndi nthawi chotsani lamba pa wotchi, mumutsuke ndi madzi a sopo ndi mswachi wakale, ndipo muumitse bwino. Vulani wotchi polima, powaza nkhuni ndi pochapa. Timfundo ndi timisomali totsala sungani m'kabokosi ka machesi. Tsiku lina tidzakuthandizani, kapena tidzathandiza mnzanu.

Mafunso

1. Tchulani malo atatu amene lamba amavuta.
2. Kodi kamuvi ka kunsi kwa lamba kamatiuza chiyani?
3. N'chifukwa chiyani tiyenera kugwirira ntchitoyi m'lichero?
4. Yezani mpata wa tinyanga ta wotchi yanu kapena ya mnzanu. Lembani nambala yake m'kope lanu.